Nsapato za Enelesi

Dzulo ndinaima pampanda wa sekondale yathu ija n'kumaonerera ana akuthamanga. Onse ali mu nsapato: zofiira, zachikasu, zina zowala ngati nthenga za mbalame. Pamene ndinkanyamuka kupita ku Bulawayo, zaka makumi anayi zapitazo, pabwalo lomwelo pankamveka mapazi okhaokha, pamizere yolemba ndi phulusa. Ndiye inu makolo ndi aphunzitsi, mundilole ndikuphereni fanizo.

Panali mphunzitsi wina pasukulu ya kumudzi. Zaka makumi atatu ndi zinayi anaphunzitsa ana kuthamanga, kudumpha ndi kuponya nthungo, wezulo pakhosi, wotchi m'manja. Sanali munthu woipa. Mwana akakomoka pabwalo ankamunyamula yekha.

Chaka china anapeza mtsikana, dzina lake Enelesi. Nsapato zake za yunifomu ankabwera nazo m'manja n'kuvalira pageti, kuti zisathe msanga. Pabwalo ankathamanga wopanda nsapato. Anapambana paboma, anapambananso pachigawo. Kunatsala mpikisano wa dziko lonse, mumzinda, kumene oyamba awiri ankawatenga kuti akapitirize sukulu uku akuthamangira dziko.

Koma amalume ake a Enelesi anali atalandira kale mawu a mwamuna wofuna kumukwatira. Mphunzitsi anapita kukawapempha kuti adikire.

"Tamva, aphunzitsi," anatero amalumewo. "Akapambana ndi wanu. Akalephera ndi wathu. Liwirotu sitidya."

Mphunzitsi ndi Enelesi anafika mumzinda kutatsala tsiku limodzi. Enelesi akuyesera bwalo, ana a sukulu za m'tauni anamuzinga.

"Asisi, nsapato mwaiwala m'basi?"

"Taonani ming'aluyo! Mungabisemo tambala."

Enelesi anangoseka nawo, poti anali atazolowera. Amene zinamulasa ndi mphunzitsi, makamaka mnzake wa m'tauni atamugwira paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, mwatibweretsera mlimi?"

Masana omwewo mphunzitsi analowa m'sitolo n'kugula nsapato zothamangira, zija za timisomali kunsi. M'mawa wa mpikisano anagwada pamaso pa anthu onse, namuveka yekha, namanga zingwe. Lamulo limene ankauza ana chaka ndi chaka, loti chatsopano sayesera pa tsiku la mpikisano, analiiwala.

"Zakukwana?"

"Zandikwana, aphunzitsi."

Mpikisanowo unali wozungulira bwalo kakhumi ndi kawiri. Maulendo asanu oyamba Enelesi anali patsogolo. Kenako anayamba kutsimphina. Anamupitirira awiri, anamupitiriranso ena. Anamaliza wachisanu ndi chiwiri. Atavula, matuza anali ataphulika, magazi ali m'nsapato zonse ziwiri. Mphunzitsi anayang'ana wotchi yake. Wopambanayo anatenga nthawi yaitali kuposa imene Enelesi ankatenga kwawo, pafumbi, mapazi ali pamtunda.

Mvula isanagwe chaka chimenecho, Enelesi anakwatiwa.

Mphunzitsi anapitiriza ntchito zaka zina makumi awiri. Zikho zinadzaza kabati ya ahedi. Atapuma pantchito, tsiku lina anakumana ndi Enelesi kuchigayo, mwana ali kumbuyo. Anamufunsa funso limene linamudya zaka zonsezo.

"Mayi, nsapato zija zitayamba kukulumani, bwanji simunazivule? Zinali zingwe chabe."

"Aphunzitsi, munagwada pamaso pa anthu kundiveka. Ndikanavula bwanji inu mukuona?"

Mkuluyo anasenza chimanga chake n'kubwerera nacho chosagayitsa.

Inu amene muli ndi ana m'manja, mvetsetsani. Mtsikana uja sankachita manyazi ndi mapazi ake. Manyazi anali a mphunzitsi, koma wotuluka magazi anali mwana. Musanamuveke mwana chinthu, kaya ndi sukulu imene mwamusankhira, kaya ndi ntchito, yambani mwadzifunsa ngati iye akuchisowa, kapena ndinu amene mukuopa kusekedwa. Mwana wokulemekezani savula chimene mwamuveka, ngakhale chizimudya.

Nkhaniyi ndinaimva kwa malemu mayi a kunyumba kwanga. Anali kalasi imodzi ndi Enelesi, ndipo mabala aja anatsuka ndi iwowo. Za kuchigayo anawalembera Enelesi mwini wake m'kalata. Ankandifotokozera tili kuchilendo, ine n'kumamva ndi khutu limodzi, poganiza kuti adzabwerezanso mawa. Tsopano anagona, mphunzitsi uja anagonanso, ndipo kalata ija sindikuipeza. Maso angawa sakuonanso mizere ya m'kope. Pakati panu alipo wa dzanja labwino. Chonde ailembe ndikadali pano kuti andifunse pomwe sanamve, ndipo dzina la Enelesi asalisiye.