A Faustino ndi Chiwindo Chakuda

Mvula inali itagwa masiku atatu osapuma ku Quelimane, moti akabaza ankapalasa njinga madzi akulekeza m'maondo. Mu ofesi yoona za mitsinje, a Faustino Namagoa anafika mamawa, nsapato zili m'manja. Anali atagwira ntchito pamenepo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo mtsinje wa Licungo ankaudziwa mtima wake, pokwiya ndi pogona pomwe.

Ntchito ya tsikulo inali imodzi. Kompyuta yaikulu ya ku Maputo inkayenera kuwerengera kuti pofika mawa madzi akwera bwanji, ndi midzi iti ya kufupi ndi Mocuba imene imire. Kuwerengako kunkatenga maola anayi. A Faustino ankailamula kompyutayo ali pa desiki pawo, polemba malamulo pa chiwindo chakuda chopanda chithunzi n'chimodzi chomwe.

Akuti ayambe, pambali pawo panaima Dona Ermelinda Sulemane, mayi wa imvi za m'mbali, amene anali atangosamutsidwa kuchokera ku Pemba milungu iwiri yapitayo.

"Abwana, netiweki lero ikutsokomola. Bwanji ntchitoyi muiyambitsire mkati mwa tmux?"

"Mkati mwa chiyani?"

"Ndi kapulogalamu kakang'ono, kali kale pa kompyuta ya ku Maputo. Ntchito mukaiyambitsira m'menemo imakhala ngati bwato lomangirira ku mtengo. Kaya inu muchoke, kaya netiweki iduke, mudzaipeza ikuyendabe."

"Mayi, ine ndakalambira pa chiwindo chimenechi. Za ku Pemba zisiyeni ku Pemba, pamodzi ndi nyanja yake."

Anaseka, ena n'kuseka nawo, poti bwana akaseka mano a onse amaonekera. Dona Ermelinda anangoti "chabwino," n'kubwerera pa mpando wawo.

Manambala anathamanga bwinobwino maola atatu ndi theka. Itangokwana 11 koloko, mphezi inang'amba kumwamba, netiweki n'kuduka. Inaduka mphindi ziwiri zokha. Koma a Faustino atalowanso anapeza kuli zii: ntchito yonse inali itafera pompo, ngati nyale yothiridwa madzi.

Foni inalira. Anali a Cassamo, oyang'anira malole osamutsa anthu ku Mocuba.

"Achimwene, malole asanu aima pano, madalaivala akungokukuta mtedza. Midzi ndi khumi ndi iwiri. Ndiwatumize kuti? Msewu wa kumunsi sufika madzulo usanamire."

"Ndikuyimbirani," anatero a Faustino, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

Anayang'ananso chiwindo chija. Kenako anadzuka, nadutsa ofesi yonse maso a anthu ali pa iwo.

"Dona Ermelinda, ndalakwa. Ndionetseni."

Mayiwo sanawakumbutse za m'mawa. Anakoka mpando wawo mpaka pa desiki ya bwanayo.

"Lembani nokha, zala zizolowere. tmux new -s licungo."

Pansi pa chiwindo panatuluka kamzere kobiriwira.

"Basi zomwezi?"

"Mumadikira kuti kulire ng'oma? Yambitsani ntchito yanu monga mwa masiku onse."

Manambala atayamba kuyenda, mayiwo anati, "Tsopano dinani Ctrl ndi b, musiye, kenako d."

Manambala onse anazimiririka. A Faustino anagwira kumutu. "Mayo ine, mwaiphanso!"

"Lembani tmux attach."

Analemba. Manambala aja anabwerera, ndipo anali atapita kale patsogolo, ngati sanadziwe n'komwe kuti mwini wake anachokapo. Dona Ermelinda anawaonetsanso kugawa chiwindocho pawiri, uku kuwerengera kukuyenda, uku malipoti a mvula akulowa.

Masana amenewo netiweki inaduka katatu. Cha m'ma 2 koloko magetsi nawo anathima, moti awiriwo anakakhala pakhonde ndi laputopu, akugwiritsa netiweki ya pa foni ya mayiwo, mphepo ikuwathira madontho kumaso. Mucapata, ndiwo kuti mpunga wophikira limodzi ndi mphodza ndi kokonati, imene a Faustino anabwera nayo inazizirira m'mbale. Nthawi iliyonse akalowanso, ankalemba mawu awiri aja n'kupeza ntchito ili moyo.

Yankho linatuluka 3 koloko itadutsa: midzi itatu. Malole anafika bwino m'midzi iwiri. Opita ku mudzi wachitatu anapeza msewu wake utamira kale. Anthu anayenda mtunda wautali madzi ali m'chiuno, ana ali paphewa, nkhalamba zitanyamulidwa pa zitseko. Palibe anamwalira. Koma mbuzi ndi matumba a mpunga zinapita ndi Licungo.

M'mawa mwake a Faustino anasonkhanitsa ofesi yonse. Anthu ankaganiza kuti adzudzula netiweki, monga amachitira mabwana ambiri.

"Mbuzi zija ndi mpunga uja zapita chifukwa cha kuuma mutu kwanga," anatero. "Ndikanamvera m'mawa, malole akananyamuka masana asanakwane. Koma anthu a midzi itatu agona pouma chifukwa cha mayi awa, amene ndinawaseka pamaso panu. Dona, mukhululuke. Ndipo lero mutiphunzitse tonse."

"Ndi mawu ochepa chabe, abwana," anatero mayiwo, akukonza mpango wawo mwamanyazi. "Inenso anandiphunzitsa ndi ena, nditataya ntchito ya sabata yathunthu."

A Faustino anakhala kutsogolo penipeni, kope lili pa bondo, ndipo ndi iwo anafunsa mafunso ambiri kuposa aliyense.

Ife amene tinalipo timawatamabe awiri onsewo: mayi amene sanasunge chakukhosi pamene miyoyo inali pa ngozi, ndi bambo amene anadzichepetsa pa gulu imvi zili mbuu. Chimene ofesi yonse inakalamba osachidziwa chinabwera ndi munthu wa milungu iwiri. Akuluakulu sananame: mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.