Mwini Wake wa Kuflasha

Pa mdadada wina wa mafulati ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, moyang'anana ndi ngalande, belu la pachitseko chachikulu linafa kalekale. Eni nyumba analonjeza kulikonza mpaka anthu anatopa n'kufunsa. Ellard ndi mnzake Mapopa, amene ankakhala pamwamba penipeni, sanavutike nazo. Anangotenga nzeru yakumudzi: mlendo akafika pansi ankaflasha, kuimba foni ilire kamodzi n'kudula, ndipo wina ankatsika masitepe kukatsekula.

Ellard anali atangomaliza maphunziro a makompyuta, ndipo matama anali atamukwera kumutu. Mawu ake a tsiku ndi tsiku anali akuti "ndikudziwa kale", ngakhale umuuze kuti wasemphanitsa mabatani a malaya. Chimodzi chokha n'chimene chinkamugunditsa mtima. Ankafuna kukwatira Thandizo, namwino wofatsa wa kutchalitchi kwawo, ndipo amalume ake a mtsikanayo, a Chakufwa a ku Easterhouse, anali atanena kuti ankhoswe asanakumane, iwo adzaone kaye mnyamatayo ndi pokhala pake.

Tsiku lina pa gulu la WhatsApp la Amalawi a ku Glasgow panagwa nkhani yoti kampani ina yapatsidwa patenti, chikalata chonena kuti luso lakutilakuti ndi lako wekha, pa kachitidwe kongokhudza foni ndi chala kuti iyake. Gulu linatentha. Flora analemba kuti mawa timva kuti wina watenga patenti ya kuyasamula. Spencer anati iye akuthamangira kukalembetsa kukanda poyabwa, ndipo wa mphere aliyense azimupempha kaye. Ena anaseka, ena anatukwana.

Ellard sanaseke. Pamene anzake ankaona chamanyazi, iye anaona munda wosalima. Anadzaza mafomu, nalemba kuti watulukira "njira yodziwitsira munthu kuti ukumufuna pochititsa foni yake kulira". Patapita masiku kalata inabwera, yongonena kuti mafomu alandiridwa. Iye anaipachika pakhoma, naijambula, naiponya pagulu, n'kulengeza kuti kuyambira lero kuflasha kuli ndi mwini wake, ndipo wofuna kuflasha apemphe chilolezo.

Kunali kuputa mavu.

"Azakhali anga ku Dedza anayamba kuflasha iwe uli ku pulaimale, mamina ali mbwee," analemba Flora.

"Bwana patenti," anatero Spencer, "nanga pofuna kupempha chilolezocho tikupezani bwanji? Tikuflasheni?"

Masana amenewo gulu lonse linapangana. Foni ya Ellard inalira kamodzi, n'kusiya, n'kuliranso, n'kusiya, ngati nkhululu yogwidwa ndi chifuwa. Anaflasha a kwaya, anaflasha a mvano, anaflasha ngakhale anthu a ku Mzuzu amene sanamuonepo nkhope. Munthu wina akanaseka nawo nkhani n'kuthera pomwepo. Ellard anakhala pa kompyuta n'kupanga kapulogalamu kotseka pakamwa foni: nambala iliyonse yopanda chilolezo ikaimba kapena kutumiza uthenga, foni izikhala duu, izingomubwezera munthuyo uthenga woti alibe chilolezo. Anakaika mu foni yake, nakaikanso mu ya Mapopa, ati nyumba imodzi lamulo limodzi.

Mapopa, amene ankaphunzira zamalamulo, anayesa kumubweza.

"Aise, kuimba kulikonse kumayamba ndi kulira kamodzi. Foni idziwa bwanji kuti uyu akuflasha, uyu ali ndi nkhani yeniyeni? Watchingatu zonse apa."

"Ndikudziwa kale."

"Nanga nambala yakoyo waiika pa mndandanda wa ololedwa?"

"Mwini munda sapempha chilolezo cholowera m'munda mwake," anatero Ellard, osatembenuka n'komwe.

Loweruka la a Chakufwa linafika ndi mvula yake ya ku Glasgow, ija yobwera cham'mbali. Ellard anavala suti, nasesa mpaka kuseri kwa firiji. Mapopa anali kukhitchini, akukazinga nkhuku ziwiri, nyimbo za kwaya zili m'makutu, foni ataiika pafupi ndi chitofu kuti ikawala aione. Atawaona alendo pawindo akutsika basi, Ellard anathamanga kutsika masitepe ndi ambulera, kumapazi kuli masilipasi. Anatuluka, nagwada pang'ono, nalonjera ndi manja awiri. Kumbuyo kwake mphepo inakankha chitseko. Khoo! Makiyi anali pamwamba, pa tebulo.

"Musadandaule, malume, ndingomuflasha mnzanga."

Anaflasha. Pamwamba panali zii. Anaimba zenizeni, osadula. Foni yake inanjenjemera, ndipo uthenga unalowa: "Mulibe chilolezo. Pemphani kwa bambo Ellard, mwini luso."

Thandizo anayesa yake, yankho lomwelo. A Chakufwa anatulutsa kafoni kawo kakale, navala magalasi, naimba modekha ngati akutsegula msonkhano wa akulu a mpingo. Uthenga utabwera anauwerenga mokweza, liwu ndi liwu, madzi akudontha kumphuno.

"Bambo Ellard ameneyu ndi inu?"

"Ndine, malume."

"Ndiye dzipempheni, tilowe."

Sizikanatheka. Mndandanda wa ololedwa unali mu kompyuta, kompyuta inali pamwamba, pafupi ndi makiyi. Ellard anakuwa dzina la Mapopa mpaka mawu anasasa, koma mphepo inkangowatengera kungalande. Anagenda windo ndi timiyala, tonse n'kuthera pa nsanjika yachiwiri. Oyandikana nawo anali atapita ku mpira. Ambulera inatembenuka n'kuthyoka. Fungo la nkhuku lokha ndilo linkatsika kudzawalonjera. Manyazi anamugwira Ellard mpaka analakalaka nthaka itang'ambika, ndipo Thandizo ankangoyang'ana nsapato zake zatsopano zikumwa madzi.

Patatha pafupifupi ola, a Chakufwa anapukuta magalasi ndi mpango wonyowa kale.

"Mwana wanga, ine ndinabwera kuno kale, mafoni asanachuluke. Mayi ake a Thandizoyu akadwala kumudzi amandiflasha, ine n'kuimba. Tsiku limene adzamuflashe mwana wawo ali m'nyumba mwanu, adzayankhidwa kuti alibe chilolezo?"

"Malume, zimenezo ndikudzi..." Ellard anameza mawuwo, koma anali atatuluka kale theka.

"Eya, mukudziwa kale. N'chifukwa chake sindikuuzaninso kanthu. Tiye, Thandizo, basi ija ikubwera."

Mapopa anatsika nkhuku zitazizira, kudzaona chimene chachedwetsa alendo, napeza mnzake atakhala pa sitepe, suti itamatirira thupi. Pofika madzulo nkhani inali itafika pagulu, ndipo Spencer anafunsa ngati patenti ija ikuphatikizapo kunyowa. Ellard anafufuta kapulogalamu kaja tsiku lomwelo. Kalata ija anaitsitsa pakhoma.

Lolemba, mtima uli m'mwamba, anatenga foni n'kumuflasha Thandizo, monga ankachitira masiku oyamba a chibwenzi chawo, pamene kulira kamodzi kunkatanthauza kuti ndakusowa. Anadikira tsiku lonse. Thandizo sanaimbe. Kunangobwera uthenga wa mawu awiri: "Ndilibe chilolezo."

Belu la pa mdadada uja silinakonzedwebe, ndipo alendo a Mapopa akuflashabe monga kale, iye n'kutsika kukatsekula. Wa Ellard yekha ndiye sanabwerenso. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.