Lole ya Njati Pamwamba pa Mlambe

Kalekale, ana inu, nanunso akuluakulu amene mukunamizira kusamvetseranu, nyama zitangoyamba kugula magalimoto, Njati anali ndi lole yake. Akaponda moto, vuuu! Fumbi koboo, nkhuku balala, mbuzi balala. Ndiye a inshuwalansi, aja umawapatsa ndalama mwezi ndi mwezi kuti ukagunditsa galimoto akukonzere, ankamulipiritsa zambiri. Njati popereka ankabuula ngati akumuzula dzino.

Tsiku lina kunabwera Nungu, kalaliki wa inshuwalansi, atanyamula kabokosi kakuda ka getsi lofiira.

"Aka timaika m'galimoto, bambo Njati," anatero Nungu. "Kamatiuza komwe muli ndi liwiro lomwe mukuthamanga. Woyendetsa mofatsa timamuchepetsera ndalama."

Njati anakonda za kuchepetsazo, koma za kufatsazo ayi. Nungu atangopotoloka, iye anazula kabokosi kaja. Poyang'ana mumsewu, anaona Nanzikambe akuwoloka. Mwendo kutsogolo, kuganiza kaye, mwendo kumbuyo, kuganizanso.

"Dalaivala ndiye uyu!" anatero Njati. Anamugwira gwi, n'kumumangirira kabokosi kumsana ndi waya. "Uziyenda monga umayenderamo. Ukakachotsa, ndikuponda."

Ndalama zomwe Njati ankalipira zinatsikadi, koma Nanzikambe anaona zakuda. Mukudziwa kuti mnzathuyu amadya chifukwa chobisala. Akakhala patsamba, amabiriwira, ntchentche n'kufika yokha pakamwa. Tsopano iye abiriwire, kabokosi kali bii. Iye afiire, kabokosi kali bii, getsi lili phethi, phethi. Ndi ntchentche iti yopusa yomwe ingatere pamenepo? Zinkamuzungulira patali, zina mpaka kumupatsa moni.

"Bwana, njala yandipha," anadandaula Nanzikambe.

"Mwezi wamawa," anayankha Njati, lole vuuu!

Mwezi unatha. "Bwana, nthiti zanga mukhoza kuziwerenga."

"Mwezi wamawa." Lole vuuu!

Aaa, zinamukwana Nanzikambe. Ine ndemwe zikundipsetsa mtima pozifotokoza. Chinyama chonsecho, msipu uli ponseponse, n'kumadyera pamsana pa kanthu kosakwana m'dzanja! Nanzikambe anakhala pansi, diso lina kumwamba, lina pansi. La kumwambalo linaona mlambe.

M'mawa mwake anaimitsa Njati. "Bwana, mukulipirabe? Pepani. Anzanu ochenjera salipira n'komwe."

"Ati chiyani?"

"A inshuwalansi aja amaopa ngozi basi. Galimoto yogona pamene ina singaigunde, ailipiritsa chifukwa chiyani? Nanga pamwamba pa mlambe paja panadutsapo galimoto?"

Dyera silifunsa kawiri. Njati ananyamula Nanzikambe pa nyanga, yekha, n'kumukweza pa nthambi. Nanzikambe anakwera, mwendo kutsogolo, mwendo kumbuyo, mpaka kunsonga. Anakhala phee, getsi lili phethi, phethi.

Dzuwa lisanapendeke, Nungu anatulukira ali wefuwefu, minga yonse ili njo.

"Bambo Njati, ku ofesi sitikumvana. Makina athu akuti lole yanu ili mumlambe."

Apa munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Koma Njati anatukumula chifuwa. "Eya, ndi momwe ndimaimika. Mulibe ngozi m'menemo. Ndiye mundichotsere ndalama zonse."

"Nanga iyi ili apayi?"

"Ndangoitsitsa kumene."

Nungu anapumira m'mwamba, anazula munga umodzi wolembera, n'kuubwezeranso. "Chabwino, bambo. Ikwezeninso ndione."

Nyama zinali zitasonkhana, ndipo Njati anaona kuti kubwerera m'mbuyo n'kochititsa manyazi. Analowa m'lole, anaibweza patali, anaponda moto. Vuuu! Phwaaa! Mlambe sunagwedezeke n'komwe. Malambe okha ndi amene anagwa, phu, phu, phu, pamutu pa mwini lole. Tayala lina linapitirira lokha ulendo wa kudambo.

Njati anatuluka akudzandira. "Mundikonzere! Si paja ndimalipira?"

Pamenepo kunamveka kamawu kuchokera kumwamba. "Bwana, kodi nditsike, kapena mwezi wamawa?"

Onse maso m'mwamba. Nanzikambe anali atasanduka mtundu wa khungwa, osaoneka, koma kabokosi kali bii, getsi lili phethi, phethi.

"Ohoo," anatero Nungu. "Galimoto yomwe ife timaidziwa ndi iyo ili m'mwambayo, yoyenda mwaulemu ija. Ilibe ndi kachilema komwe. Chitsulo chili apachi sitikuchidziwa."

Nanzikambe atatsika, Nungu anadula waya uja, ndipo msana unapepuka. Ntchentche ina yomwe inazolowera kumuseka inayandikira monga mwa masiku onse. Lilime tapu! Inalowa m'mimba moni ali pakamwa.

Kabokosi kaja Nungu anakakhomera pachipumi pa Njati, pakati pa nyanga, pomwe mwini wake sangafikire. Mukadzakumana naye mudzaone chotupa cholimba chili pamenepocho, ndipo musadzamufunse, chifukwa mkwiyo wake sunathebe. Nanzikambe naye mpaka lero powoloka msewu diso lina limayang'ana kumbuyo, kuopa kupatsidwanso ntchito.

Nthano yanga yagunda mlambe, yathera pomwepa. Kaphuleni mbatata zija zisanapserere. Koma inu a malume mukuseka kwambirinu, mawa tidzaone nawo komwe munamangirira kanu.