Impso Inathera M'mbale

Pagalaja ya kuseri kwa msika panali makaniko wina amene aliyense ankamutcha Sipanala, munthu wa thupi lake, woseka ndi mimba yomwe. Akafuna kulowa pansi pa galimoto, anzake ankayamba akwezanso jeke kuti mimbayo ipeze njira. Pantchito anali katswiri, injini ankangoimva ndi khutu n'kudziwa pamene ikudwala. Vuto lake linali limodzi: chilichonse ankachiona ngati galimoto, ngakhale thupi lake lomwe.

Mng'ono wake, bambo a mapasa, anali atafa impso zonse ziwiri. Moyo wake unatsamira pa makina a kuchipatala osefa magazi. Mkazi wake, mayi a mapasa, ankamuperekeza kumeneko kangapo pa sabata n'kubwera naye atafooka ngati nsalu yofinya. Abale atayezedwa, anapezeka mmodzi yekha amene impso yake ikanagwirizana ndi thupi la wodwalayo, ndipo anali Sipanala. Tsiku limenelo analira pamaso pa onse, akudziguguda pachifuwa.

"Mwana wa mayi anga sangafe ine ndili ndi impso ziwiri. Tengani ngakhale lero!"

Dokotala anati lero ayi. "Thupi lanu lakula kwambiri, bambo, ndipo shuga wanu ali m'malire. Tikakuchitani opaleshoni muli chonchi, tikhoza kutaya anthu awiri. Muziyenda, muchepetse kudya. Pakatha miyezi ingapo tidzakuyezaninso."

Pa malangizo awiriwo Sipanala anatolapo amodzi, oyenda. Ndipo tisamunamizire, anayendadi. Anasiya kukwera basi. Anagula wotchi ya pamkono yowerengera makalori, ndiye kuti mphamvu ya chakudya imene thupi latentha munthu akamayenda kapena kuthamanga. M'mawa uliwonse ankafika pagalaja thukuta lili kamukamu, akuonetsa aliyense nambala ya pawotchipo. Mayi a mapasa atamva zimenezi anagwada kuthokoza Mulungu.

Tsiku lina mayiyo anadzera pagalajapo kuti akamupatse moni. Anamupeza atakhala pa tayala, pabokosi la zida atayalapo mabanzi opaka majarini, soseji, tchipisi ndi botolo lalikulu la chakumwa cha shuga. Anaima chilili, kukamwa kuli yasa.

"Alamu, zonsezi n'zanu?"

"Ndazigwirira ntchito, mlamu," anatero Sipanala akutambasula mkono. "Taonani apa zimene ndatentha. Galimoto ikayenda ulendo umabwezera mafuta amene yatha, apo ayi ikuthera panjira. Ine sindikudya zoonjezera, ndikungobweza zanga."

"Koma adokotala aja anati..."

"Adokotala amadziwa impso. Za mafuta atisiyire ife."

Mawu anafika pakhosi, mayi a mapasa n'kuwameza. Munthu amene walonjeza kukupatsa chiwalo cha m'thupi mwake umam'dzudzula bwanji? Wopempha sakweza mawu. Anaseka mwaulemu n'kutsanzika, koma njira yonse mtima unkamutentha.

Chopsetsa mtima n'chakuti kawotchiko kanali kokometsera. Sipanala akamamenya chitsulo ndi hamala, iko kankalemba kuti wayenda. Akamaloza kasitomala poimika galimoto, kankalembanso. Koma za m'mbale panalibe ankawerenga. Shuga wa mu tiyi sankalowa m'masamu ake, majarini ayi, mafuta okazingira tchipisi ayi. Mtunda umene miyendo inkavutikira m'mawa wonse, pakamwa pankautha asanamalize n'komwe kupukuta thukuta. Akaonjezera kuthamanga, ankaonjezeranso mphotho. Kunyumba mkazi wake akamuphikira masamba, ankadya mwaulemu, kenako n'kunena kuti akukawongola miyendo. Miyendoyo inkawongokera kwa ootcha nyama.

Uku bambo a mapasa ankangotherathera. Mapazi anatupa, nsapato zinakana. Popeza thupi silinkatulutsanso madzi, akumwa ankachita kumuyezera m'kakapu, ndipo kukatentha ankangonyowetsa milomo n'kulavula. Sankadandaula. Ankangoti, "Achimwene akulimbikira, tipirire pang'ono."

Lamlungu lina Sipanala anabwera wapansi kudzazonda. Anakhala pabalaza moyang'anizana ndi wodwalayo, anayang'ana wotchi, n'kutulutsa m'jumbo botolo lozizira ndi mabanzi. Anatsegula kuti tsss! Mayi a mapasa anaona kholingo la mwamuna wake likukwera n'kutsika, maso ake akutsatira botololo. Ulemu unathera pomwepo. Pomuperekeza mlendoyo, atangotuluka pageti, anamuimika.

"Alamu, mundikhululukire, lero ndilankhula. Mng'ono wanu m'nyumbamo madzi tikumuyezera ngati mankhwala. Iye akutha kupirira ludzu, inu banzi lokha likukukanikani? Mukuti mukubweza mafuta. Thanki yanu njodzaza kale, mpaka ikutayikira! Kuyenda konseku cholinga chake n'choti mafutawo athe, osati muzithiramo ena. Mukamva chizungulire idyani pang'ono, palibe akukukanizani. Koma izi mukuchitazi mukutunga madzi ndi dengu, ndipo amene afe si inu!"

Nkhope ya Sipanala inasintha. "Mlamu, akudzuka m'mamawa kuthamanga ndani, inu kapena ine? Mukufuna ndidzakomoke pamsewu? Pakamwa panga musamapawerengere. Ndipo musaiwale kuti impsoyo idakali m'thupi mwanga."

Atamva mawu omalizawo, mayiyo anatembenuka. Anabwerera m'nyumba ali ndi ukali, n'kukatsuka mbale zotsukatsuka kale kuti mwamuna wake asamuone nkhope. Kuyambira tsiku limenelo sananenenso kanthu, kuopa kuti munthu angasinthe maganizo.

Tsiku loyezedwa linafika. Bambo a mapasa anali pa makina m'chipinda china, mkazi wake n'kuperekeza mlamu wake kwa dokotala. Sipanala anavula nsapato, anatulutsa makiyi m'thumba, anavula lamba, n'kukwera pasikelo atakoka mimba. Nambala inaima pamene inaima tsiku loyamba lija, n'kupitirirako pang'ono.

"Sikelo yanuyi njakufa," anatero. "Taonani wotchiyi, adokotala. Palibe tsiku ndinajomba."

"Ndikukhulupirira," anayankha dokotala. "Miyendo yanu yagwira ntchito. Koma zimene inkachotsa, pakamwa pankabweza n'kuonjezera. Mawotchi amenewa amakokomeza, bambo." Kenako anayang'ana zotsatira za magazi. "Shuga uja wadutsa malire. Tsopano ndi matenda. Munthu wa shuga sitimuchotsa impso, ziwirizo mudzazifuna nokha."

"Ndipatseni miyezi ina. Ndisiya zonse, ngakhale tiyi!"

"Musiyedi, chifukwa cha moyo wanu. Koma za mng'ono wanu, nkhani si ya miyezinso."

Chimunthu chonse chija chinakhala pansi, nsapato zili m'manja. Mayi a mapasa sanamve chisoni ngakhale pang'ono. Anangoti, "Tiyeni mukamuuze nokha."

Analowa m'chipinda cha makina. Bambo a mapasa anali chigonere, machubu ofiira ali pamkono. Anayang'ana nkhope ya mkulu wake, anayang'ana ya mkazi wake, n'kumvetsa zonse wina asanatsegule pakamwa. Anatambasula dzanja limene linalibe machubu n'kugwira la Sipanala.

"Musadandaule, achimwene. Munayesetsa. Thukuta lanu ndinkaliona."

Mawu amenewo anamuwawa mayiyo kuposa onse a dokotala. Munthu akupepesa amene wamudyera moyo wake! Anatuluka n'kukaima pakhonde, misozi ya ukali ili chuchuchu. Tsopano mwamuna wake akaima kumapeto kwa mzere wa odikira impso ya munthu wosamudziwa, mzere umene ambiri amatsikira panjira. Ndipo kunyumba kunali ana awiri amene madzulo omwewo adzathamangira pageti kufunsa kuti opaleshoni ya adadi ndi liti.

Sipanala sanali waulesi, ndipo mng'ono wake ankamukondadi. Koma thukuta lililonse limene ankakhetsa linali mbewu yoyenera kusungidwa, ndipo iye ankaikazinga tsiku lomwelo, njala n'kukagwera wina. Akuluakulu sananame pamene anati: ndidyeretu, chire anasowa mbewu.