Sizasi ya Mayi Nasiyaya

Panali telala wina, munthu wamkulu ndithu, dzina lawo mayi Nasiyaya. Ankasokera pakhonde la sitolo, pamsika wina wa m'mbali mwa msewu. Luso anali nalo, pamenepo panalibe wotsutsa. Diresi yosoka iwo inkamukhala munthu ngati anabadwa nayo.

Chaka ndi chaka sukulu ya ntchito zamanja inkawatumizira atsikana kuti adzaphunzire ntchito pamene ntchitoyo imagwiridwa. Iwo ankawalandira ndi manja awiri. Ankawapatsa makina kuti azipinda m'mphepete mwa nsalu, aziika mabatani, azisita. Koma sizasi ayi. Sizasi inkakhala m'chiuno mwawo, yomangirira pachingwe. Mtsikana akati, "Amayi, ndiyeseko kudula," iwo ankati, "Ona kaye, mwana wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Sikuti anali ouma mtima. Nsalu ndi ya eni ake, ndipo ukaidula molakwika sibwerera.

Tsiku lina funso linawagwira. Atsikana onse anadutsa pakhonde pano aja ali kuti? Bwanji sindinamvepo munthu akutama diresi yosoka mmodzi wa iwo? Anayesa kuliiwala, koma funsolo silinachoke. Paja safunsa anadya phula. Anavundikira makina, n'kukwera minibasi kupita kumsika kumene anamva kuti kuli Ndaziona, mtsikana amene ankamukonda koposa onse.

Anamupeza pansi pa mtengo, akuika zigamba m'makabudula a ana a sukulu. Ali mkati molonjerana, kunafika mayi wina ndi chitenje chatsopano, chosalowa m'madzi. Ankafuna diresi yopitira ku chinkhoswe. Ndaziona anachisisita chitenjecho, n'kuchibweza. "Pitani kwa abambo a kuseri kwa chigayo aja," anatero. "Ine sindidula."

Mayi uja atachoka, mayi Nasiyaya anafunsa, "Sudula bwanji, iwe? Suja ndinkadula pamaso pako tsiku ndi tsiku?"

"Munkadula, amayi," anayankha Ndaziona ataweramitsa mutu. "Maso anga akudziwa kudula. Koma manjawa akangogwira sizasi amachita mantha."

Chisoni chinawagwira mayi Nasiyaya, komanso anadabwa. Njira yonse yobwerera ankadziyang'ana m'manja. Kodi nanga manja angawa anaphunzira liti? Anaphunzira bwanji? Ankaona ngati luso limalowera m'maso n'kutsikira lokha ku zala. Tsopano anayamba kukaika, ndipo anafuna kuona ndi maso awo chimene chimachitika manja osadziwa akagwira sizasi.

Nthawi imeneyo pakhonde pawo panali mtsikana wina, Mwandida, amene masiku ake obwerera kusukulu anali atayandikira. Naye anali asanadulepo ngakhale thumba la malaya. Akanachoka chomwecho, nayenso akanakathera pansi pa mtengo ndi zigamba.

M'mawa mwake mayi Nasiyaya anatulutsa chitenje chawo chomwe, chimene ankasungira Khirisimasi. Anachiyala patebulo. Anamuuza Mwandida kuti awayeze ndi tepi, ajambule ndi choko. Kenako anamasula chingwe m'chiuno, n'kumupatsa sizasi. Iwo anakhala pabenchi, n'kukhalira manja awo kuti angamulande.

Mwandida anayamba ndi mkono wa diresi. Ananyamula nsalu m'mwamba ndi dzanja lamanzere, sizasi n'kumayenda m'malere. Mzere wa choko uku, sizasi uko. Manja a mayi Nasiyaya ankafuna kutuluka pansi pawo. Koma anaona chinthu chimene anali asanachiganizirepo. Iwo podula sankanyamula nsalu. Mpeni wapansi wa sizasi unkayenda utatsamira tebulo. Manja awo ankachita zimenezi kwa zaka zambiri, pakamwa pawo posadziwa. Akanamuuza bwanji mwana chinthu chimene iwo eni sankadziwa kuti amachita?

"Mwana wanga," anatero, "nsaluyo isiye igone. Sizasi itsamire tebulo. Dula mkono winawo."

Mwandida anadula, ndipo ulendo uno sizasi inatsata choko.

Diresi inasokedwa. Mkono woyamba uja unali wothina, wokhota pang'ono paphewa. Lamulungu mayi Nasiyaya anaivala chomwecho kupita kutchalitchi. Potuluka, anzawo sanachedwe kuwaseka. "Kodi amayi, maso ayamba kuvuta? Mkono uwu wasoka ndani?"

Iwo anatembenuka, n'kuwaonetsa phewa linalo. "Wasoka telala watsopano. Uwo ndi mkono wake woyamba. Taonani wachiwiri."

Tsono inu amisiri amene mwalandira ana m'malo anu a ntchito, kaya mumapala matabwa, kaya mumawotcherera zitsulo, kaya mumamanga nyumba, ndikufunseni. Mwana amene ali kwa inuyo wagwirapo chiyani kupatula tsache? Mukuopa kuti aononga, ndipo zoona, aononga. Ndiye mupatseni chanu, aonongere pamaso panu, inu mulipo kuti muone pamene dzanja lake likuphonya. Mukamumana chida lero, adzabwerera kwawo ndi maso odziwa ntchito ndi manja amantha, ndipo kumeneko kulibe womuuza kuti adule wachiwiri.