Fodya wa Nyani ndi Ulusi wa Kangaude

Padangokhala kalekale, mitsinje isanaone mlatho. Chaka china anankafumbwe anadya mbewu yonse ya tsidya lino. Mvula inagwa, nthaka inanyowa, koma chodzala panalibe. Abale a tsidya lija mbewu anali nayo, koma mtsinje unali utadzaza.

Mayi Kangaude anaponya ulusi wambiri kuwoloka mtsinjewo. Wa tsidya lija akamaliza kumanga kaphukusi ankagwedeza ulusi, Kangaude n'kukoka.

Woyamba kufika padoko anali Nyani. Iye sankadikira mbewu ayi, ankadikira fodya amene mlamu wake Birimankhwe ankamumangira. Birimankhwe mukumudziwa: dzanja limodzi m'mawa, linalo masana.

"Ndayamba ndine," anatero Nyani. "Wanga asanafike, pasakokedwe kanthu."

Mbewa anali kumbuyo, mwana ali kumsana. "Bambo, ulusi wanga wagwedezeka kale. Dzuwa likaumitsa nthaka, ana anga adya chiyani chaka chino?"

"Adya ulemu. Khalani pamzere."

Kangaude anakhala pakati, natambasula miyendo yake isanu ndi itatu, mwendo uliwonse pa ulusi wake. Wa Nyani nawonso anaupatsa mwendo. Kenako anayamba kuyimba:

"Wagwedezeka, ndikoka.
Uli zii, ndikusiya."

Anakoka wa Mbewa pang'ono. Wa Nkhwali unagwedezeka, anakoka. Anabwerera kwa Mbewa. Mapira, mawere ndi chitowe zinali pamwamba pa madzi nthawi imodzi, chilichonse pa ulusi wake.

"Mayi inu, simunandimve?" anatero Nyani.

"Ndakumvani, bambo. Mwendo wanu si uwu? Ukumvetsera. Alamu anu akagwedeza, ndikoka."

"Ndati onse adikire."

"Ndiye ndipinde miyendo isanu ndi iwiri chifukwa cha fodya? Sindipinda."

"Ndikupondani."

"Pondani. Fodyayo mukamutenge posambira."

Nyani anayang'ana madzi, nabweza phazi. Kangaude anapitiriza:

"Wagwedezeka, ndikoka.
Uli zii, ndikusiya."

Mapira a Mbewa anafika, iye n'kuthamangira kumunda osatsanzika n'komwe. Nkhwali analandira mawere ake. Ena anabwera, analandira, anapita. Ulusi wa Nyani unali zii.

Mtima unamupsa. Anakankha mwendo wa Kangaude, nagwira ulusi yekha, nakoka ndi mphamvu zonse. Tsidya lija Birimankhwe anali asanamange mfundo. Phukusi linayenda pang'ono, linamasuka, fodya yense m'madzi phava. Nyani anatsala ndi ulusi wopanda kanthu m'manja.

"Mlamu," anakuwa Birimankhwe, "ndinali pafupi kumaliza."

Kangaude anaponya ulusi wina, naikapo mwendo. "Auzeni ayambirenso, bambo. Khalani pamwalapo. Pali Njiwa apa, mtedza wake wagwedezeka."

Nyani anakhala pamwala, manja pamawondo, pamene minda yonse inali kudzalidwa.

Yathera pamenepa, ana inu: wochedwa musungireni malo ake, koma musaimitse okonzeka chifukwa cha iye.