Pepala Lachinayi

M'nyumba ija munali tebulo limodzi, koma ophunzira anali awiri. Mbali ya kuzenera inali ya mwana wamkazi wa m'nyumbamo, amene anzake a kukoleji anamutcha Ndime, chifukwa ngakhale mutamufunsa komwe kuli mchere ankayankha ngati akuwerenga ndime ya lamulo. Mbali ya kukhomo inali ya mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, telala amene anatseka makina n'kubwerera m'kalasi ali ndi ana awiri. Onse ankaphunzira ntchito yothandiza maloya: kumva madandaulo a anthu, kulemba zimene anena, kusunga mafayilo ndi kukonza mapepala opita kukhoti.

Fomu ya kukoleji anamulembera mlamuyo ndi Ndime yemweyo. Chaka choyamba mayeso anali a m'mabuku, ndipo Ndime ankangokhoza ngati akumwa madzi, pomwe mlamu ankadutsa chokwawa. Masiku amenewo Ndime ankamukonda mlamu wake kwabasi. Pajatu munthu amene ali pansi pako savuta kumukonda.

Zinthu zinatembenuka atawatumiza kukaphunzira ntchito ku ofesi ya loya wina, mayi wa imvi amene ankathandiza anthu osauka. Loyayo ananeneratu tsiku loyamba kuti pakatha miyezi itatu adzalemba ntchito mmodzi yekha.

Ndime ankaona ngati ntchitoyo ili kale m'thumba. Koma anthu obwera ndi mavuto awo sankafuna ndime za malamulo, ankafuna khutu. Munthu asanamalize kulira, Ndime anali atamuuza kale lamulo limene laphwanyidwa. Mlamu ankangokoka mpando, n'kufunsa pang'onopang'ono, kenako n'kumuwerengera munthuyo zonse zimene walemba kuti avomereze yekha. Pepala lililonse ankalipatsa nambala, mndandanda wake n'kuulemba pachikuto cha fayilo, monga ankalembera miyezo ya makasitomala ake.

"Alamu, fayilo si diresi," ankatero Ndime akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha.

Pabenchi ya panja anthu anayamba kunena poyera kuti, "Ife tidikira amayi aja." Kunyumba nakonso amayi ake a Ndime anathira tsabola pachilonda. "Ndamva kuti mpongozi wangayu akumuyamikira kuntchito. Iwe mwana wanga, uzionerako kwa mlamu wako."

Azionerako kwa ndani? Kwa munthu amene iye anamuphunzitsa kugwira cholembera? Nsanje inamugwira Ndime. Zinamupweteka, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti mlamuyo sankadziwa n'komwe kuti pali mpikisano.

M'mwezi wachitatu kunabwera mayi wamasiye amene abale a malemu mwamuna wake ankafuna kumutulutsa m'nyumba, ati sanali mkazi wa paukwati koma chibwenzi chabe. Fayilo yake inapita kwa mlamu. Umboni wonse unatsamira pa pepala limodzi lachikasu, lothetheka m'mbali, kalata ya ukwati, imene pamndandanda inali nambala yachinayi. Mapepalawo ankayenera kufika kukhoti Lachisanu isanakwane thwelofu koloko.

Lachinayi masana mlamu anapempha kuti athamangire kuchipatala ndi mwana. Ndime pochokera kokadya anapeza fayilo ija ili patebulo, mu ofesi muli zii. Anaitsegula, n'kusolola pepala lachinayi, n'kulipana m'buku lake la malamulo a chuma cha masiye. "Sindikung'amba ayi," anadziuza. "Bwana amukalipire kaye mawa, Lolemba ndidzalitola pansi pa kabati." Za mayi wamasiye uja, ndi ana ake, ndi komwe adzagone, sanaziganize ngakhale pang'ono.

M'mawa mwake onse anakumana mu ofesi ya loya. Mayi wamasiye anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo. Loya anakankhira fayilo kwa Ndime.

"Tiyeni, tifotokozereni mlandu wanu."

"Wanga? Fayiloyi ndi ya alamu, bwana."

"Inali yawo mpaka dzulo masana. Asanapite kuchipatala tinawerenga limodzi mapepala, onse asanu ndi limodzi, ndipo anandipempha kuti muimalize ndinu. Akuti malamulo a chuma cha masiye mumawadziwa kuposa iwo, ndipo n'koyenera kuti nanenso ndione luso lanu. Simunaone dzina lanu kuseri kwa chikuto? Tinakusiyirani patebulo."

Ndime anatembenuza chikuto. Dzina lake linalipo, tsiku ndi nthawi yake, m'zilembo zozungulira za mlamu wake. Kunsi kwake kunali mawu ochepa: "Alamu, apa ndi panu. Awonetseni."

Loya anayamba kuwerenga mapepala. Loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachisanu. Anabwerezanso, kenako anavula magalasi.

"Kalata ya ukwati ili kuti?"

Mayi wamasiye anaimirira. "Ndinapereka ndi manja angawa, mwanangu. Ndi yokhayo, ndinalibe ina." Anagwada n'kuyamba kusuzumira pansi pa tebulo, munthu wamkulu, akupapasa fumbi ndi zikhatho.

"Mwina ndine, bwana," anatero mlamu. "Mutu unali kwa mwana. Mwina ndinaigwetsa poika fayilo. Musawakalipire alamu anga, ndi amene anandilowetsa sukulu imeneyi."

"Simunagwetse kanthu, ndinatseka fayilo ndine," anayankha loya, maso ali pa Ndime. "Kuchokera dzulo masana, mwini fayiloyi ndi mmodzi."

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa leveni. Ndime anaona kuti njira zonse zatsekeka. Akakhala chete, ndiye kuti wataya umboni tsiku loyamba kuugwira, ndipo mayi uja agona panja. Akalankhula, ndiye kuti ndi mbala. Manyazi anamutentha mpaka m'makutu. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa buku lake lija, ndipo bukulo linatseguka lokha pamene panali pepala lachikasu.

Palibe amene anafuula. Loya anatenga kalatayo, n'kuiika pamalo pake, n'kupereka fayilo kwa mlamu. "Thamangani, mwatsala ndi mphindi makumi anayi." Kenako anatembenukira kwa Ndime. "Malamulo mumawadziwa, mayi, sindikukana. Koma ofesi ino imasunga zinthu za anthu amene alibe china chotsala. Kiyi wa kabati musiye patebulopo."

Mapepala anafika pa nthawi yake, ndipo mayi wamasiye sanatulutsidwe m'nyumba. Ntchito anaipeza mlamu. Kunyumba sananene kanthu, ngakhale kwa mwamuna wake, ndipo kukhala chete kumeneko kunamulasa Ndime kuposa chipongwe chilichonse. Madzulo amenewo mlamu anasuntha mabuku ake patebulo kuti amusiyire malo monga mwa masiku onse, koma Ndime analephera kukhalapo. Anafuna kubera mnzake, osadziwa kuti dzanja walilowetsa m'thumba lake lomwe. Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.